Makatoni Amene Ndinabisa ku Balbriggan

Agnesi ndi Tobiyasi, ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Ndinkaweta mbuzi za amalume, sukulu ndinkangoiona ndikamadutsa, basi. Mutu uno ndi wa ntchito yanga yomaliza, ya ku kampani ya nyimbo ku Drumcondra, koma kuti mumvetse chimene ndinachita kumeneko ndiyenera kuyambira kukhitchini ya ansembe.

1978 mpaka 2002: Kumishoni

Ndinalembedwa ntchito yotsuka mbale pamishoni ina m'mapiri a ku Dedza ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Patapita zaka ziwiri khukhi wamkulu anadwala miyendo, ine n'kulowa m'malo mwake. Bwana wanga anali Bambo Colm, wansembe wa ku Ireland, wamtali, wofiira makutu, wolankhula Chichewa chabwino koma chothamanga ngati akuthawa mvula. Zaka zimenezo zinthu zinkasowa kawirikawiri. Mwezi wina kulibe shuga, mwezi wina kulibe ufa wa buledi, ndipo ndinaphunzira kusakaniza ufa wa tirigu wotsala ndi mgaiwa kuti ansembe asagone ndi njala. Kuwerenga sindinkadziwa, koma palibe amene anazindikira. Zitini ndinkazidziwa ndi mtundu wa pepala lake, maphikidwe ndinkasunga m'mutu, ndipo munthu akandipatsa pepala ndinkaliyang'ana nthawi yokwanira, n'kugwedeza mutu, n'kulipinda bwinobwino m'thumba. Luso lobisa limenelo ndinalinola kwambiri kuposa luso lophika.

Bambo Colm anali ndi galamafoni ndi mbale zakuda za nyimbo za country. Lamlungu masana, Misa zonse zitatha, ankakhala pakhonde n'kuika mbale imodzi, ine ndikusenda mbatata kuseri kwa chitseko. Mawu ake sindinkamva, koma gitala yolira ija ndinkaimva, ndipo amuna ambiri a msinkhu wanga kwathu tinakula nazo nyimbo zimenezo pa wailesi. Mayi anu, Nabanda, ankandiseka. "Mukulira nawo azungu chonsecho simukudziwa amene wamwalira," ankatero.

Mayi anu anatisiya m'chaka cha 1987. Agnesi unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Tobiyasi unali usanasiye bere. Za imfa yawo mumadziwa theka. Theka linalo ndilinena m'mutu uno, pamalo pake. Chaka chotsatira ndinapita kwa Bambo Colm n'kuwauza kuti sindidziwa kuwerenga. Iwo anati, "Zaka khumi, Damiyano? Nanga mapepala onse aja?" Anayamba kundiphunzitsa masana aliwonse patebulo la kukhitchini, ndipo pambuyo pake ndinalowa sukulu ya kwacha. Ndinalemba dzina langa koyamba ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu.

2002 mpaka 2012: Dublin

Bambo Colm atakalamba, akuluakulu a chipani chawo cha ansembe anawaitana kuti abwerere kwawo, ndipo iwo anapempha kuti ndipite nawo ndikawasamale. Ndinawasamala zaka zitatu m'nyumba ya ansembe opuma. Atamwalira, mwana wa mchemwali wawo, Mayi Breda, anandifunsa pamaliro pomwepo ngati ndimatha kuyendetsa galimoto. Anali ndi kampani yaing'ono ya nyimbo ku Drumcondra: situdiyo pamwamba, ofesi yawo pakati, ndi chipinda chapansi chosungiramo makatoni a ma CD. Ntchito yanga inali yoyendetsa vani. Ndinkanyamula makatoni kupita nawo kumasitolo a nyimbo, kumalo omwetsera mafuta ndi kutimashopu ta m'matauni ang'onoang'ono, ndipo pobwerera ndinkatenga ma CD amene sanagulidwe. Lamulo la malonda amenewo linali lotero: wa shopu amalandira katundu, akakhala miyezi itatu osayenda amabweza, ndipo wobwezedwayo ndimakamuikanso m'chipinda chapansi.

Mayi Breda anali bwana wachilungamo koma wosakhazikika. Ankalankhula pafoni ziwiri nthawi imodzi, tiyi wawo ankazizira osamwa, ndipo kuchipinda chapansi sankatsikako chifukwa cha bondo. Dzina langa linawavuta, ndiye anangolidula n'kukhala Damo, ndipo Dublin yense anatengera pomwepo. Masiku a mpira pabwalo lalikulu lapafupi ndi kampaniyo misewu ya ku Drumcondra inkatsekedwa, ine n'kumazungulira ndi vani ola lathunthu kufuna poima. Zaka zoyamba ndinkatuluka ndi vani yodzaza n'kubwera nayo yopepuka. Kenaka zinayamba kutembenuka. Anthu anayamba kumvera nyimbo pafoni, masitolo akuluakulu anatsekedwa imodziimodzi, ndipo kumalo amene ndinkasiya makatoni asanu ankandiuza kuti, "Siya imodzi, Damo, tiyese." Iwe Agnesi unabwera m'zaka zimenezo, unapeza ntchito yosamalira okalamba, ndipo utakwatiwa ndinasamukira kwanu ku Balbriggan, m'chipinda chakumbuyo choyang'anana ndi shedi, kanyumba kosungiramo zipangizo.

2013, kumayambiriro: Chimbale cha a Fintan

A Fintan anali woimba wa country amene anatchuka ndisanabwere kuno. Mayi Breda anandiuza kuti kale anthu ankayenda mitunda kukavina nyimbo zawo m'maholo akumidzi, ndipo mabanja ambiri a ku Ireland anayambira pa gitala yawo. Pamene ine ndinkawaona anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, wamasiye, okhala okha ku Dún Laoghaire, ovala chipewa chachikulu ngakhale m'nyumba. Anali atakhala zaka zambiri osajambula. Tsiku loyamba kubwera kukampani kudzajambula chimbale chatsopano anandipeza ndikusesa masitepe ndikung'ung'udza nyimbo ina ya pakhonde la Bambo Colm.

"Iwe, nyimbo imeneyo waidziwira kuti?"

"Kwathu, bwana."

"Kwanu kuti? Ku Africa kuli ng'ombe ndi mabotolo ndi akazi othawa amuna awo?"

"Zonsezo ziliko, bwana. Kungoti mahatchi ndi ochepa."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Usamanditi bwana. Ndine Fintan." Ndinavomera, koma pakamwa panga sipanavomere. Munthu wamkulu chotero kumutchula dzina lokha, ine sindinaleredwe choncho. Mpaka mapeto ndinkati bwana, iwo n'kumandibwezera kuti "bwana Damo" pofuna kundinyogodola.

Anajambula chimbalecho milungu isanu ndi umodzi ndi anzawo akale atatu, onse a imvi. Ine ndinkawaphikira buledi wa soda amene ndinaphunzira kumishoni, ndipo a Fintan ankati ndi woposa wa malemu mayi awo, koma ndisauze munthu. Nyimbo zake zinali zodekha, za munthu amene wafika kumapeto a msewu n'kucheuka. Mawu awo anali atayamba kusasa, ndipo wojambula ankakondwa nazo, ankati kusasako ndiko kukoma kwake. Ine ndinkaona kuti akatha nyimbo imodzi ankagwira pakhosi n'kumeza malovu movutikira. Ndinkangowonjezera uchi m'tiyi wawo.

Ma CD atabwera kuchokera kufakitale, ndinawasanja m'chipinda chapansi, makatoni kuchokera pansi mpaka pafupi ndi denga. A Fintan anatsika nane. Anayang'ana mulu uja, anatulutsa pensulo m'thumba, n'kulemba mzere pakhoma molingana ndi katoni yapamwamba.

"Breda adzandionetsa mapepala ndi zinthu za pakompyuta," anatero. "Ine zimenezo sindizikhulupirira. Ndinagulitsa nyimbo kumbuyo kwa galimoto zaka makumi anayi. Mulu ukamatsika, zikuyenda. Ukaima, waferatu. Ndizibwera Lachisanu lililonse."

Ankabweradi. Ankakwera sitima yapamtunda kuchokera ku Dún Laoghaire, n'kutsika masitepe athu pang'onopang'ono, n'kulemba mzere watsopano pamene mulu wafika. Miyezi yoyamba mizere inkatsika bwino, chifukwa ndinali kugawa katundu m'mashopu. Kugawa si kugulitsa, ndipo a Fintan ankadziwa zimenezo kuposa ine. Chimene ankadikira chinali mwezi wachitatu, wa katundu wobwerera.

2013, pakati pa chaka: Zobwerera

Chimbalecho sichinayende. Wailesi za m'maboma zinaimba nyimbo imodzi kwa sabata ziwiri n'kuisiya. Nyuzipepala ina inalemba timizere tochepa, tabwino ndithu, koma pansi pa tsamba. Achinyamata sankawadziwa a Fintan, ndipo okalamba amene ankawadziwa ambiri anali m'manda kapena m'nyumba zosamalira okalamba, kumene munthu sapita kushopu. Ulendo wanga woyamba wotenga zobwerera, pafupifupi malo alionse ankanditulutsira katoni imene ndinasiya, ina yosatsegula n'komwe. Mayi wina wa pamalo omwetsera mafuta anandiuza kuti, "Ndagulitsa ziwiri, ina ndagula ndine. Ukamuuze Fintan kuti ndinavina naye ndili mtsikana."

Ndinafika ku Drumcondra Lachinayi masana vani itadzaza. Ndinatsitsa katoni yoyamba, ndinalowa nayo m'chipinda chapansi, n'kuima patsogolo pa khoma lija. Mizere ya pensulo inali pamenepo, umodzi pansi pa unzake. Ndikadabweza katundu yense, mulu ukadakwera n'kuphimba mizere yonse kupatula woyamba, ndipo mawa lake munthu wamkulu uja akadatsika masitepe ndi pensulo yake n'kuona yekha.

Kwathu uthenga woipa sitiponya pamaso pa munthu wamkulu. Timatuma wina wa msinkhu wake, amakhala naye pansi, amayamba ndi za mvula ndi za kumunda, mpaka mwini wake afunse yekha. Kuno ndinalibe womutuma. Mayi Breda anali otanganidwa ndi anthu ofuna kugula nyumba ya kampaniyo, ndipo a Fintan akawafunsa ankangoti, "Kudakali m'mawa, tidikire." Ndinadziuza kuti ndisunga makatoniwo sabata imodzi yokha, kufikira nditapeza njira yabwino yonenera. Ndinabweza katoni ija m'vani n'kuyendetsa mpaka ku Balbriggan.

Lachisanu a Fintan anapeza mulu uli pamene unali. Anafunsa kuti, "Zobwerera zili kuti?"

"Palibe zambiri, bwana."

Anandiyang'ana, kenaka anamenya khoma ndi chikhatho. "Ndinamuuza Breda! Anthu anga alipobe!" Tsiku limenelo anandigulira nsomba ndi tchipisi, tinadyera m'vani, iwo akuimba pakamwa pali chakudya.

Sabata imodzi ija inakhala miyezi iwiri. Ulendo ulionse ndinkabwera ndi makatoni ena n'kuwapititsa kushedi. Kenaka ndinachita choipa choposa. Nditaona kuti mulu waima ndipo nkhope ya a Fintan yayamba kugwa, ndinayamba kuchotsako katoni imodzi kapena ziwiri pamulu weniweniwo, kuti Lachisanu apeze polemba mzere watsopano.

Iwe Agnesi unandigwira Loweruka lina, ukufuna makina otchetchera kapinga.

"Adadi, ma box awa ndi a chiyani? Shed yonse yadzaza, njinga za ana zili pamvula."

"Ndi katundu wa kuntchito. Ndikungosunga."

Unatsegula katoni imodzi. "Bambo wa chipewa yemweyu m'ma box onse? Adadi, mwayamba kuba ma CD? Ndiye kuba kwake kusankha amene palibe akuwafuna?"

Ndinakufotokozera. Unandimvetsera manja ali m'chiuno, ngati mayi ako.

"Ndiye plan yanu ndi yotani? Muziwadya?"

"Ndikudikira nthawi yabwino."

"Kuntchito kwathu ndimaona zimenezi every day. Ana amabisira makolo awo zinthu, amati tikuwateteza. Agogo aja amadziwa, adadi, ndipo chimawapweteka ndi chakuti aliyense akuwatenga ngati mwana. Auzeni."

Ndinakuyankha kuti ndiwe wa kuno tsopano, ulemu wa kwathu unauiwala. Unangotseka chitseko cha shedi n'kupita. Mawu amenewo ndikupepesa lero.

2013, Okutobala: Kalata

Lachisanu lina a Fintan anapempha kuti ndiwaperekeze kwawo pa vani chifukwa kunali mphepo. Titafika ku Dún Laoghaire anati tiime kaye pafupi ndi doko. Tinakhala m'galimoto tikuyang'ana maboti. Anali osangalala. Anandiuza kuti alankhula ndi anzawo atatu aja, ndipo agwirizana zoyenda m'maholo akumidzi kuyambira Khirisimasi mpaka chilimwe, chifukwa chimbale chikamayenda chotero woimba sakhala pakhomo. Kenaka anapapasa m'thumba la jekete n'kutulutsa envelopu yopindika.

"Magalasi ndaiwala kusitudiyo. Tandiwerengera tsiku limene alemba apa, ndikufuna ndiwaimbire ndisinthe."

Inali kalata ya kuchipatala. Ndinawerenga mokweza, pang'onopang'ono monga ndimawerengera. Inkanena kuti chotupa chimene anachipeza pakhosi pawo chiyenera kuchotsedwa msanga, ndipo anawaikira tsiku m'sabata zitatu zikubwerazo. Deti la pamwamba linkasonyeza kuti kalatayo yakhala m'thumba mwawo masiku ambiri.

"Bwana, apa akuti msanga."

"Madokotala amatero nthawi zonse. Akandidula pakhosi sindidzaimbanso, anandiuza okha. Chimbale chikadagwa ndikadapita mawa lomwe, ndikadataya chiyani? Koma anthu akugula, Damo. Waona wekha khoma lija. Akufuna kundimva komaliza. Mpeni udikire mpaka chilimwe."

Apa ndi pamene ndiyenera kukuuzani theka lija.

M'chaka cha 1987 mayi anu anayamba kumva kupweteka m'mimba. Ndinapita nawo kuchipatala cha boma. Anawayeza, anawapatsa mapiritsi, ndipo potuluka munthu wovala zoyera anandipatsa kalata n'kulankhula mofulumira, theka m'Chingerezi, anthu ambiri akudikira kumbuyo kwanga. Ndinayang'ana pepalalo nthawi yokwanira, ndinagwedeza mutu, ndinalipinda m'thumba. Panjira mayi anu anafunsa kuti alembamo chiyani. Ndinati alemba kuti mumalize mankhwala. Kumishoni kunali anthu oposa khumi amene akadandiwerengera, kuyambira Bambo Colm mpaka ana a sukulu, koma aliyense ankadziwa kuti khukhi wa ansembe ndi munthu wophunzira. Ndinadziuza kuti ndifunsa mawa. Mapiritsi anathandiza pang'ono, ndipo ndinati mwina palibe chifukwa. Patapita miyezi itatu anagwa kumunda, osadzukanso. Kalata ija ndinadzaiwerenga ndekha patapita chaka ndi theka, patebulo la kukhitchini, chala chili pansi pa liwu lililonse. Inkati ndipite nawo kuchipatala chachikulu pasanathe sabata ziwiri kuti akachitidwe opaleshoni.

Ndinakhala m'vani muja kalata ya a Fintan ili m'manja mwanga. Ndinali nditaphunzira kuwerenga, koma ndinaona kuti khalidwe lija sindinalisiye. Ndinali nditangosintha thumba n'kukhala shedi.

"Bwana, muli ndi nthawi? Ndikufuna mukaone kanthu kwathu."

"Kwanu ku Balbriggan? Mwana wako waphika?"

"Si chakudya, bwana."

Ulendowo ndi wautali, kudutsa mzinda wonse, ndipo iwo ankalankhula za maholo njira yonse: ili lili ndi pansi pabwino povinira, ilo mwini wake ndi wakuba. Titafika ndinawadutsitsa pambali pa nyumba, ndinatsegula shedi, n'kuima pambali.

Anayang'ana. Nkhope yawo inali pakatoni iliyonse, kuchokera pansi mpaka kudenga. Analowa, anatsegula imodzi, anatsegula ina. Anawerenga mayina a matauni amene eni mashopu analemba pamakatoni pobweza.

"Zonsezi zinabwerera?"

"Zambiri. Zina ndinachotsa pamulu ndekha."

"Kuti ine ndizilemba mizere."

"Inde, bwana."

Anakhala pa katoni. Anavula chipewa, ndipo kanali koyamba kuona mutu wawo wopanda chipewa. Ndinayembekeza kuti akalipa, koma analankhula motsitsa.

"Ndaimbapo m'holo muli anthu asanu ndi galu. Ndagendedwapo ndi mabotolo. Unkaganiza kuti makatoni angandiphe?"

"Kwathu munthu wamkulu sitimuuza zoipa pamaso."

"Kwanu mumamusiya azivina yekha pamsewu anthu akumuonera? Ndauza anzanga, Damo. Ndauza mwana wanga ku Canada. Ndinakugulira nsomba!"

Ndinagwada pamenepo, pasimenti ya shedi. Anati ndidzuke, iwo si bishopu. Sindinadzuke. Ndinawauza za Nabanda ndi kalata ija, zonse, kuyambira kuchipatala mpaka patebulo la kukhitchini. Anali munthu woyamba kumva nkhani imeneyi chiyambire, chifukwa ngakhale Bambo Colm ndinangowauza mu kulapa kuti ndinanama, osanena bodza lake. Nditamaliza anatembenuza chipewa m'manja.

"Ana ako akudziwa?"

"Ayi."

"Ndiye uli ndi shedi ina." Anavala chipewa. "Ndiperekeze kusiteshoni. Vani yako sindikweranso lero."

2013 mpaka 2016: Zotsatira

Lolemba ndinakwera kuofesi n'kuwauza Mayi Breda ndekha. Anazimitsa foni zonse ziwiri, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo. Anati akadakhala wina akadamuchotsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo anandilanda makiyi a chipinda chapansi. Kenaka anati, "Inenso ndinkamuuza kuti kudakali m'mawa." Makiyiwo anandibwezera patapita mwezi, chifukwa panalibe wina wonyamula makatoni.

A Fintan anapita kuchipatala pa tsiku lija lolembedwa m'kalata. Anauza eni maholo kuti sabwera. Opaleshoni inayenda bwino, koma mawu anapita monga madokotala ananenera, kunangotsala kunong'ona kovuta kumva. Miyezi inayi sanafune kundiona. Ndinkaphika buledi wa soda Loweruka lililonse n'kukasiya pakhomo pawo, ndipo sindinkadziwa ngati amadya kapena amaponyera mbalame za kudoko. Tsiku lina ndikuika buledi pansi chitseko chinatseguka. Anali ataonda, pakhosi atamanga mpango, m'manja muli kabuku ndi pensulo yomwe ija. Analemba n'kundionetsa: "Mchere wachuluka." Anatembenuza tsamba n'kulembanso: "Lowa, bwana Damo."

Ma CD aja kampani inafuna kuwatumiza kokaphwanya. Ndiwe Agnesi amene unapempha makatoni awiri kuti upite nawo kuntchito kwako, ndipo unabwera ukunena kuti agogo ena amene samalankhula ndi munthu anaimba nawo nyimbo yonse. A Fintan atamva anati ndiziwatenga pa vani Lamlungu masana. Tinayenda m'nyumba zambiri za okalamba, iwo akugawa ma CD n'kumasainira, nyimbo zikulira pakona, amayi a imvi akukangana kuti anavina nawo ndani poyamba. Sindinganene kuti chimbalecho chinayenda. Sichinagulidwe, ndipo makatoni ambiri anakaphwanyidwa ndithu pamene kampani inatsekedwa m'chaka cha 2016, ine n'kupuma ntchito. Wogula nyumbayo anapaka penti pakhoma la mizere lija.

A Fintan anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Anaona adzukulu awo awiri akubadwa. Nthawi zonse ndikapita kukawaona, ndisanakhale n'komwe pansi, ankatsegula kabuku kawo patsamba limodzi lomwelo, limene analemba kalekale ndipo sanaling'ambe. Linali ndi mawu awiri: "Wawauza ana?" Ndinkati ndikudikira nthawi yabwino. Ankatseka kabukuko n'kundithirira tiyi. Ulendo womaliza, kuchipatala, analibe mphamvu yotsegula kabuku, anangokaloza ndi chala.

Lero

Papita zaka chiwaikireni a Fintan m'manda, ndipo ine ndakhala ndikudikirabe nthawi yabwino. Ndazindikira kuti kwa munthu ngati ine nthawi imeneyo siifika. Pakamwa pandikanika, ndiye ndalemba, popeza kulembako ndinakuphunzira chifukwa cha nkhani yomweyi.

Agnesi, unakula ukudziwa kuti mayi ako anadwala mwadzidzidzi ndipo palibe chimene munthu akadachita. Ndine ndinakuuza zimenezo. Tobiyasi, iwe nkhope yawo sukuikumbuka n'komwe. Sindikudziwa ngati opaleshoni ikadawapulumutsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwayi umenewo unali m'thumba la malaya anga miyezi itatu, ndipo ndinkauchotsa pochapa malayawo n'kuubwezeramo akauma.

Kalatayo ndinabwera nayo kuno. Ili mu envelopu ya khaki imene ndamata kuchikuto chakumapeto kwa kope lino. Yang'ambika m'mapindo, koma mawu akuoneka. Sindikupempha kuti mundikhululukire msanga, kapena kuti mundikhululukire n'komwe. Kope lino sindilisiya m'sutikesi kuti mudzalipeze nditapita. Agnesi, ndiliika patebulo la kukhitchini mawa m'mawa usanapite kuntchito, ndipo ukamuimbire mlongo wako umuwerengere. Ine ndidzakhala m'chipinda changa, chitseko chili chotsegula.